Musataye nsomba ija: kukonzanso logo ndi webusaiti ya gallery yaing'ono ku Joni

Funso

Ndine mayi wochokera ku Nkhotakota, ndipo ndakhala ku Johannesburg zaka 14. Ine ndi bambo akunyumba tili ndi gallery yaing'ono ku Melville, chipinda chimodzi ndi khonde, momwe timaonetsa ndi kugulitsa zojambula za penti ndi ziboliboli za achinyamata aluso ochokera kumudzi, ena a ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Logo yathu anatijambulira mwana wa achimwene anga pamene tinkayamba. Muli mapu a Malawi, dzuwa lotuluka, chigoba cha gule wamkulu, bulashi ndi nsomba ya chambo, zonsezo m'mitundu isanu. Anthu polondolerana amati "pamene pali nsomba paja". Webusaiti anatipangira mnyamata wina amene anabwerera kumudzi. Pasiwedi ili ndi iyeyo, zojambula zimene zikuoneka pamenepo zinagulidwa kalekale, ndipo pa foni imachedwa kutseguka. Tasunga R15,000. Kodi tifafanize zonse n'kuyambiranso? Nanga tiyambire pati?

Yankho

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Funso lanu loyamba mwaliyankha kale nokha pamene mwanena kuti anthu amati "pamene pali nsomba paja". Musafafanize zonse ayi. Nsomba imeneyo ndi chuma chimene mwakhala mukusonkhanitsa pang'onopang'ono zaka zonsezi, ndipo palibe wojambula logo, angakhale waluso chotani, amene angakugulitseni chizindikiro choti anthu akuchidziwa kale. Zinazo, mapu, dzuwa, bulashi ndi chigoba, zikhoza kupuma.

Mukukumbukira zimene zinachitika ndi mbendera yathu. Mu 2010 boma linachotsa dzuwa lofiira lotuluka lija n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, mizere nayo inasinthana malo. Zifukwa zinaperekedwa, koma anthu ambiri sanaione ngati yawo, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa ya 1964 ija. Chizindikiro chikakhazikika m'maso mwa anthu, chimasanduka chawonso. Makasitomala anu anasankha okha chimene akufuna kukumbukira pa zinthu zisanu zija, ndiye ntchito ya wojambula watsopano ndi kumvera chisankho chawocho.

Mwana wa achimwene anu sanalakwe kanthu. Ankafuna kunena zonse zokoma za kwathu nthawi imodzi, ndipo ambirife tikakhala kutali ndi kumudzi mtima umatero. Koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Taganizani malo amene logo imakhala masiku ano. Pa WhatsApp ndi pa Instagram imakhala m'kabwalo kozungulira kochepa ngati chikhadabo, ndipo makona ake amadulidwa. Pamwamba pa browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti ija, imakhala kachidutswa ka ma pixel, timadontho ta pa sikirini, 16 kapena 32 m'litali ndi m'lifupi. Imakhala pa chidindo cha pa lisiti, pa kapepala komata kumbuyo kwa felemu, komanso pa chikwangwani chimene munthu wodutsa pa galimoto amachiona kamphindi chabe. M'malo onsewa mapu a Malawi amasanduka kamzere kokhotakhota, dzuwa limasanduka dontho, ndipo mitundu isanu imasakanikirana n'kukhala matope.

Choncho wojambula akakubweretserani zimene wakonza, musaziweruze pa sikirini yaikulu ya kompyuta yake. Muuzeni asindikize pa pepala wamba ndi inki yakuda yokha, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo ya R5. Asindikizenso yoyera pa pepala lakuda. Ina yaikulu muimate pa khomo, inu muwoloke msewu mukaione muli tsidya. Ikadziwikabe kuti ndi chambo m'mayeso atatuwa, imeneyo yakhoza.

Ndipo ikhaledi chambo, osati nsomba iliyonse yotola pa intaneti. Inu a ku Nkhotakota mukuidziwa kuposa ine: thupi lotakata, ndi chipsepse chachitali cha minga choyenda msana wonse. Mmalawi akaona chipsepse chimenecho amazindikira nthawi yomweyo. Ndikanakhala ine, ndikanapempha mmodzi mwa osema ziboliboli anu kuti agobe chambo pa kathabwa, apake inki, adinde pa pepala kangapo, kenako wojambula wa pa kompyuta atsatire mizere ya chidindo chimene chatuluka bwino. Logo yotere imakhala ndi dzanja la munthu mkati mwake, ndipo ndi zimene gallery imagulitsa. Chenjezo limodzi lokha: pa chikwangwani cha kumsewu, mawu akuti Art Gallery aoneke bwino pafupi ndi nsombayo, chifukwa mlendo wosakudziwani akaona nsomba yokha ku Melville, komwe malo odyera ndi ambiri, aganiza za chakudya.

Za chigoba cha gule ndinene mosabisa maganizo anga. Gule wamkulu ndi mwambo wa Achewa wokhala ndi eni ake ndi malamulo ake a kudambwe, ndipo bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Logo imapita paliponse, pa thumba lonyamulira katundu, pa lisiti limene mawa ligwera m'bini. Si malo oyenera chigoba amenewo. Komanso anthu anu ndi osiyanasiyana: Ayao ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga amene ndi ochuluka kuno ku Joni, Atonga, Atumbuka, Alomwe, achisilamu ndi achikhristu. Chambo amadya onsewa. Zojambula ndi zosema za gule zionetseni mkati, pamodzi ndi mawu ofotokoza tanthauzo lake, monga momwe amachitira ku Kungoni, ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Tsiku lina dzapiteni ku Parkwood mukaone Goodman Gallery mu Jan Smuts Avenue, imene inayamba mu 1966, kenako mukafike ku Everard Read ku Rosebank, imene mbiri yake inayamba mu 1913. Mudzapeza kuti chizindikiro chawo kwenikweni ndi dzina lolembedwa mwaudongo, popanda phokoso. Chifukwa chake n'chakuti mu gallery mitundu ndi ya zojambula. Logo ikakhala yofiira, yobiriwira ndi yachikasu, imalimbana ndi chojambula chilichonse chimene yaikidwa pafupi nacho. Iwowo dzina lawo ndi lokwanira chifukwa lakhala zaka zambiri. Inu mukufunikabe nsomba, koma tengerani kudekha kwawoko: mtundu wakuda, ndi mtundu umodzi wokha wowonjezera. Wojambula akulembereni manambala a mtundu umenewo, a pa sikirini amene amati RGB ndi a osindikiza amene amati CMYK, kuti wa chikwangwani ndi wa makadi asakupatseni mitundu iwiri yosiyana.

Pa zilembo pali kanthu kamene ojambula a kuno sangakaganizire. Musanavomereze font iliyonse, kutanthauza kaumbidwe ka zilembo, lembani nayo mawu akuti Malaŵi, ndi ŵ wa kachipewa uja, komanso ng'ombe ndi ng'oma. Ma font ambiri okongola alibe ŵ, ndiye kompyuta imabwereka chilembocho ku font ina, mawu n'kuoneka ngati mano osiyana msinkhu. Ma font ambiri aulere a pa Google Fonts ali nacho chilembochi, koma yesani ndithu. Dziwaninso kuti dzina la webusaiti sililola kachizindikiro ka mu ng', choncho mawu otere amalembedwa mophatikiza.

Tsopano nkhani imene ndimaiona ikupweteka anthu athu kuposa ina iliyonse, ya umwini. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Logo ikatha, musalandire chithunzi cha pa WhatsApp n'kumati mwalandira logo. Ndinaimapo pa shopu ina yosindikiza zikwangwani, bambo wina wa kwathu atabwera ndi logo yake pa foni kuti aikulitse mamita awiri. Itatuluka, m'mphepete mwa zilembo munali timabokositimabokosi ngati njerwa, ndipo wojambula wake anali atasintha nambala. Anachita kulipira wina kuti aijambulenso. Chimene mukufuna ndi mafayilo a vector, a mtundu wa SVG, EPS kapena PDF, amene sasungira chithunzi ngati madontho koma ngati mizere yowerengedwa, moti amakula mpaka pa khoma lonse osawonongeka. Pamwamba pa amenewo mutenge ma PNG opanda mtundu kumbuyo, wakuda ndi woyera. Muwasunge pa imelo yanu ndi pa flash yoti izikhala kunyumba.

Kulipira kokha sikukupatsani umwini. Lamulo la kuno la Copyright Act la 1978 limapereka umwini kwa wolipira pa ntchito zochepa chabe, monga chithunzi chojambulidwa ndi kamera kapena chojambula cha nkhope ya munthu, ndipo logo siili m'gulu limenelo. Ngati wojambulayo si wantchito wanu wolembedwa, umwini umatsala ndi iye mpaka ataupereka polemba pa pepala n'kusaina. Pepala limodzi ndi lokwanira. Alembe wojambula watsopano, alembe wosema uja ngati chidindo chikhale chake, ndipo mwana wa achimwene anu nayenso mumupemphe mwaulemu alembe za nsomba yakale. Pa chibale zimaoneka ngati kusakhulupirirana, koma pepalalo ndi limene limateteza chibalecho gallery ikadzakula. Mukafuna kulembetsa logo ngati trade mark, chizindikiro cha malonda chotetezedwa ndi lamulo, ofesi yake ndi CIPC, ndipo chitetezo chake chimakhala zaka 10, kenako mumachikonzanso. Pa chifukwa chimenechi musalole logo yosonkhanitsidwa kuchokera ku zithunzi zokonzeratu za pa Canva, pulogalamu yopangira zithunzi pa intaneti, popeza malamulo a Canva salola kulembetsa zithunzi zimenezo ngati zanu, ndipo wina aliyense akhoza kugwiritsa ntchito nsomba yomweyo.

Ku webusaiti nakonso tiyambire pa makiyi. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Domain ndi dzina lija lothera ndi .co.za, limene limalipiridwa chaka ndi chaka, ndalama zochepa ndithu. Hosting ndi lendi ya malo amene masamba ndi zithunzi zimakhala. Hosting mukhoza kusamuka tsiku lililonse, koma domain ikatayika, makadi onse amene munagawa, malinki onse amene anthu anatumizirana, ndi imelo ngati ili pa dzina lomwelo, zonse zimafa pamodzi. Ndinathandizapo mayi wina wosoka zovala amene domain yake inalembetsedwa m'dzina la amene anamupangira webusaiti. Chaka chitatha uthenga wokumbutsa kulipira unkapita kwa munthuyo, amene anali atasiya ntchito imeneyi. Mayiyo anadzazindikira kasitomala atamuimbira kuti tsamba silikutseguka, ndipo pamene tinkafufuza dzinalo linali litatengedwa ndi ena. Ndiye fufuzani pa WHOIS ya .co.za, tsamba la pa intaneti loonetsa kaundula wa ma domain, mudzaona kampani imene domain yanu inalembetsedwerako ndi tsiku limene ithere. Kusamutsa domain ya .co.za kumavomerezedwa kudzera pa imelo ya amene analembetsa, choncho mnyamata uja mukumufuna, ndipo mukumufuna ali wokondwa. Dzina lisinthidwe likhale lanu, imelo ikhale yanu, khadi lolipirira likhale lanu.

Kuchedwa kutseguka kuja, nthawi zambiri gwero lake ndi zithunzi zolemera. Chithunzi chochokera mu foni chimatha kulemera 4MB. Tsamba likakhala ndi zithunzi 30 zotere, ndiye 120MB, ndipo munthu wa data yogula pang'onopang'ono amatseka lisanathe kutseguka. Chithunzi chomwecho chikachepetsedwa kufika pa ma pixel pafupifupi 1,600 mbali yaitali, n'kusungidwa ngati JPG kapena WebP, chimatsika kufika cha m'ma 200KB ndipo diso silioneratu kusiyana pa foni. Google nayo poika mawebusaiti pa mndandanda imayang'ana kaye mmene tsamba likuonekera pa foni, choncho wopangayo akuonetseni ntchito yake pa foni yanu, pa data, osati pa wifi ya mu ofesi mwake.

Apa ndiye pamene ndikufuna mudekhe, chifukwa webusaiti ya gallery ndi zithunzi basi. Zina zonse ndi felemu. Chojambula cha penti chijambulidwe masana, pamthunzi kapena pafupi ndi windo lalikulu, osati padzuwa la kuno limene limawalitsa penti n'kupha mitundu, ndiponso osayatsa flash. Ngati chili m'galasi, chichotsedwe kaye. Kamera ikhale pakatikati penipeni pa chojambulacho, yoima njii pa choimikira, kuti mbali zinayi zituluke zowongoka. Ziboliboli ndi zovutirapo. Chosema cha phingo mukachiika pa nsalu yoyera kamera imanyengeka ndi kuyerako, chosemacho n'kutuluka chibuluma chakuda chopanda nkhope. Chiikeni pa nsalu yotuwa, kuwala kuchokere m'mbali kuti mizere ya sompho ndi mpeni ioneke, mbali inayo muimike pepala loyera lobwezera kuwala pang'ono. Chijambuleni kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, ndi chithunzi china chili m'manja mwa munthu kuti wogula adziwe kukula kwake. Mitundu muiyerekeze ndi chenichenicho musanaike pa tsamba. Munthu akagula chojambula cha nyanja yobiriwira n'kulandira yotuwa, sabweranso.

Pansi pa chithunzi chilichonse pakhale dzina la mwini luso, mutu wa ntchitoyo, chaka, zipangizo, ndi muyeso m'masentimita, kuyamba ndi msinkhu kenako m'lifupi. Pa zosema tchulani mtundu wa mtengo umene anasema, kaya ndi phingo, mlombwa kapena m'bawa. Webusaiti ikhale m'Chingerezi popeza ogula ambiri ndi a kuno ndi alendo akunja, koma mitu ya ntchito isiyeni m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chishona monga anaitchulira mwini wake, tanthauzo lake lizibwera pambuyo. Aliyense wa aluso anu akhale ndi tsamba lake, nkhope yake, kwawo, ndi mawu ochepa ochokera pakamwa pake. Wogula chojambula amafuna kudzafotokozera alendo ake kuti anachijambula ndani. Muwapemphenso chilolezo cholembedwa choika ntchito zawo pa intaneti, chifukwa lamulo lomwe lija limasiya umwini wa chojambula kwa wojambula ngakhale chitagulitsidwa, mpaka zaka 50 iye atamwalira.

Mitengo ya zinthu muilembe. Ma gallery akuluakulu amakonda kunena kuti wofuna mtengo afunse, koma iwo ali ndi ogula awo odziwika. Munthu wamba akapanda kuona mtengo amangoganiza kuti sangakwanitse, n'kuchita manyazi kufunsa. Zimene zagulidwa musazichotse zonse. Ziikeni kadontho kofiira monga timachitira pa khoma, chifukwa zimasonyeza kuti pamalopo malonda amayenda. Chosafunika ndi chimene chilipo panopa, tsamba lodzaza ndi zogulidwa zokhazokha popanda chonena.

Ndi ndalama zanuzo sindikukulimbikitsani kuyamba ndi shopu yathunthu ya pa intaneti. Ntchito zanu ndi imodziimodzi, ndipo ogula amafuna kucheza kaye. Batani la WhatsApp pansi pa chithunzi chilichonse ndi lokwanira. Linki yake imalembedwa wa.me/27 kenako nambala yanu mutachotsa 0 woyamba. Malipiro akhoza kubwera pa EFT kapena pa linki ya Yoco kapena PayFast, makampani othandiza kulandira malipiro pa intaneti. Mukamagulitsa kudzera pa intaneti, lamulo la ECT Act la 2002 limafuna kuti muonetse dzina lonse la bizinesi, adiresi, nambala ya foni, mtengo wonse kuphatikizapo wotumizira, ndi ndondomeko yobwezera katundu, ndipo pa katundu wambiri limapatsa wogula masiku 7 atalandira kuti asinthe maganizo. Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, likukhudzani mukamasunga mayina ndi manambala a anthu: musawatumizire mauthenga a malonda kapena kuwaponya m'gulu la WhatsApp osawapempha. Ndipo musanalonjeze mlendo kuti mumutumizira zosema za phingo kunja, funsani za zikalata, popeza kuyambira mu 2017 mitengo ya banja limeneli ili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama pa malonda a pakati pa mayiko.

Kaya webusaitiyo ipangidwe pa WordPress, Wix kapena Squarespace, omwe ndi mapulogalamu opangira mawebusaiti, zimenezo zisakudetseni nkhawa kwambiri. WordPress imafuna munthu woisamalira kuti isakalambe, zinazo zimalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka. Muyeso wanga ndi umodzi: musanapereke ndalama zomaliza, mukhale pansi inuyo, wopangayo manja ali m'thumba, muike nokha chojambula chatsopano, mulembe mtengo, muike kadontho kofiira pa china. Mukalephera, ntchito sinathe. Mumuuzenso kuti maadiresi a masamba akale awalozetse ku atsopano, zimene amati 301 redirect, kuti malinki akale asamafikire pa khoma. Tsamba loyamba lionetse chionetsero chimene chilipo, maola otsegulira, adiresi ndi poimika galimoto, munthu asanatsetsereke pansi. Google Business Profile ndi yaulere, ndipo ndi imene imakuikani pa mapu munthu akafufuza gallery ali mu 7th Street ku Melville konko. Maola a pamenepo azifanana ndi a pa webusaiti.

Pa R15,000 yanuyo, ine ndikanaika pafupifupi R3,000 pa logo popeza simukuyambira pa chabe, R4,000 pa wojambula zithunzi wodziwa kujambula zaluso amene angakuphunzitseninso kuti muzipitiriza nokha, R5,000 pa webusaiti ya masamba ochepa, yotsalayo pa chikwangwani, chidindo, ndi domain ndi hosting. Funsani mitengo kwa anthu atatu, muone ntchito zawo zakale pa foni, ndipo muzilipira m'magawo. Konzani kuti zonse zisinthe sabata imodzi, chikwangwani, WhatsApp, Instagram ndi webusaiti, makamaka potsegulira chionetsero chatsopano. Zikatheka mukhale mutamaliza September asanafike, mwezi umene chionetsero chachikulu cha zaluso cha FNB Art Joburg chimachitika ku Sandton Convention Centre ndipo okonda zaluso amakhala akuzungulira mumzinda. December mupeweni, osindikiza ambiri amatseka pakati pa mwezi ndipo anthu athu amakhala ali pa ulendo wa kumudzi.

Koma musanaitane wojambula aliyense, sabata ino muimbireni mnyamata uja. Mumulonjere, mumufunse za kumudzi, mumuthokoze chifukwa cha webusaiti imene yakutumikirani zaka zonsezi, mumutumizire kangachepe pa Mukuru ka data ndi nthawi yake, ndipo mukhale naye pa foni mpaka imelo yotsimikiza kuti domain yalowa m'dzina lanu itafika.